Kodi Africa ikung'ambikadi pawiri?

Funso: Ndine mphunzitsi ndipo ana a m'kalasi mwanga andipanikiza ndi funso. Pa Facebook pakuzungulira chithunzi cha mng'alu waukulu umene unadula msewu ku Kenya, akuti Africa ikugawanika pawiri, pakati padzalowa nyanja yamchere ndipo maiko opanda gombe ngati Malawi, Zambia ndi Uganda adzakhala ndi madoko. Zoona zake ndi ziti, nanga tichite mantha?

Yankho: Aphunzitsi, zikomo pofunsa, ndipo anawo muwayamikire chifukwa sanangomeza nkhaniyo. Eya, Africa ikung'ambikadi, timaziyeza ndi makina chaka ndi chaka ndipo palibe katswiri wa miyala amene angakane zimenezo. Koma chithunzi mwaonacho si umboni wake, ndipo nyanja akunenayo sitidzaiona ife, olo zidzukulu za zidzukulu zathu.

Ndiyambe ndi chithunzicho poti ndi chimene chakutumani. Chinajambulidwa mu Marichi 2018 pafupi ndi Mai Mahiu, pamsewu wopita ku Narok, nde chimangobwereranso nthawi ndi nthawi ngati zachitika dzulo. Mng'aluwo unalipodi, malo ena unali wakuya mamita 15 ndipo msewu unadukadi. Koma taonani zimene zinkachitika masiku amenewo, kunkagwa chimvula champhamvu, ndipo deralo lili pafupi ndi mapiri a Longonot ndi Suswa amene ankaphulika kale, ndiye nthaka yake yambiri ndi phulusa la mapiriwo, lofewa, losagwirana. Madzi akalowa pansi amalikokolola mobisa n'kupanga ngalande yapansi, pamwamba pakuoneka bwinobwino, kenako tsiku lina denga la ngalandeyo limangogwa. N'kutheka ndithu kuti pansi penipeni panali kale mng'alu wakale wokwiririka umene madziwo anangoutsata, chifukwa malowo ali mkati mwa chigwa chong'ambikacho. Koma nthaka ikatseguka ndi mphamvu yochokera pansi pa dziko pamakhala zivomerezi zooneka pa makina, komanso mbali ziwiri za mng'alu zimagwirizana moti mutazikankha zikhoza kulumana ngati zidutswa za mbiya yosweka. Ku Mai Mahiu sizinali choncho, m'mbali munali modyekadyeka, pena mng'aluwo umatha n'kukayambiranso patsogolo pakati patatsala dothi losasuntha. Imeneyo ndi ntchito ya madzi.

Mukafuna kung'ambika kwenikweni tsegulani mapu muyang'ane kumpoto chakum'mawa kwa Ethiopia, dera la Afar. Mu Seputembala 2005 pafupi ndi phiri la Dabbahu kunachitika zivomerezi zambirimbiri motsatizana, ndipo pa milungu yochepa chabe nthaka inatseguka pamtunda wa makilomita 60, malo ena mpaka mamita 8. Chinachitika ndi choti chiphalaphala cha miyala yosungunuka chinadzipanikiza m'matanthwe choimirira, ngati mmene nkhwangwa imalowera m'chipika n'kuchitsegula, ndipo masetilaiti anayeza zonsezo kuchokera kumwamba. Kwa ife akatswiri a miyala chinali chinthu chachikulu zedi, chifukwa zoterezi nthawi zambiri zimachitikira pansi pa nyanja zamchere kumene munthu sungaimepo n'kuona. Zofananako zinachitikanso kumapeto kwa 2024 ndi kumayambiriro kwa 2025 pakati pa mapiri a Fentale ndi Dofen ku Ethiopia komweko, anthu masauzande ambiri anasamutsidwa, ndipo mu Novembala 2025 phiri la Hayli Gubbi, limene panalibe mbiri yolembedwa yoti linaphulikapo, linaphulika phulusa lake n'kuuluka kudutsa Red Sea mpaka kukasokoneza ndege ku India. Izi ndiye nkhani zenizeni, koma sizifala ngati chithunzi cha msewu uja.

Chimachititsa ndi chani? Pamwamba pa dziko pali chigoba cholimba cha matanthwe ndipo si chimodzi chathunthu ayi, ndi zigamba zikuluzikulu zimene timazitcha mapuleti. Pansi pake pali miyala yotentha kwambiri, si yamadzimadzi monga ambiri amaganizira, ndi yolimba ndithu koma imatha kuyenda pang'onopang'ono ngati phula lofunda. Pansi pa kum'mawa kwa Africa miyala yotenthayo ikukwera kuchokera kuya kwambiri, ikutukula dziko, n'chifukwa chake Ethiopia ndi Kenya ali ndi mapiri ataliatali chonchija, ndipo chigoba chija chikamatukuka ndi kukokedwa chimapyapyala n'kusweka, chapakati chimatitimira pakati pa ming'alu iwiri, m'mbali mumatsala makoma a mapiri. Chigwa chimabadwa choncho. Ku Afar kumakumana mapuleti atatu, ya Nubia imene yanyamula gawo lalikulu la Africa, ya Somalia ndi ya Arabia. Mu 2025 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Emma Watts linatulutsa zimene linapeza litayeza miyala ya mapiri ophulika a m'deralo, kuti miyala yotentha ija siikwera mosalekeza koma mwa apo ndi apo ngati kugunda kwa mtima, nde manyuzi ambiri anangotola mawu oti kugunda kwa mtimawo n'kuikanso chithunzi cha Mai Mahiu pamwamba, pamene kafukufukuyo sankanena za Kenya n'komwe.

Kuchoka ku Afar chigwachi chimatsika kumwera ndipo chili ndi nthambi ziwiri. Ya kum'mawa imadutsa Kenya kulowa kumpoto kwa Tanzania, ya kumadzulo ndi imene ili ndi nyanja zazitali zija, Albert, Edward, Kivu, Tanganyika, Rukwa ndi Malawi, n'kupitirira kutsata Shire mpaka ku Mozambique. Pakati pa nthambizi pali tizigamba ting'onoting'ono, ka Victoria ndi ka Rovuma, timene tikuyenda patokha. Ndiye mapu aja amene amangodula Africa ndi mzere umodzi wowongoka ngati adula ndi lumo, ndi zojambula chabe.

Tsono liwiro lake, apa ndi pamene nkhani za pa intaneti zimakhala chete. Timakhoma zipangizo za GPS pathanthwe, zolondola kwambiri kuposa ya mufoni, n'kumaziwerenga kwa zaka zambiri. Ku Ethiopia mbali ziwirizi zikutalikirana mamilimita 6 kapena 7 pachaka, mukamatsika kumwera zimachepa, pofika pa Nyanja ya Malawi ndi pakati pa 1 ndi 3 basi. Tiyerekeze mwana wa m'kalasi mwanuyo adzakhala ndi moyo zaka 70, ku Ethiopia dziko lidzakhala litatseguka masentimita osakwana 50, kungochokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, kumwera kuno mwina chikhatho chimodzi. Zikhadabo zanu zimakula mofulumira kangapo kuposa pamenepo. Pa zaka 1 miliyoni ndi makilomita 7 okha. Red Sea ndi chitsanzo cha ntchito yomweyi itapita patsogolo, pamene ndi yotambalala kwambiri ndi makilomita opitirira 300, koma Arabia wakhala akuchoka ku Africa kwa zaka pafupifupi 30 miliyoni. Mwina mufunsa kuti nanga mamita 8 a ku Dabbahu aja pa milungu yochepa? Matanthwe satseguka tsiku ndi tsiku mofanana, amakokedwa ali phee kwa zaka mazanamazana mphamvu ikuunjikana, kenako ngongole yonse ija imalipidwa nthawi imodzi.

Komanso palibe chitsimikizo choti nyanjayo idzabadwa paliponse pamene pali chigwa. Zigwa zotere zambiri zimayamba n'kufera panjira. Ku North America kuli china cha zaka 1.1 biliyoni zapitazo, chinatsala pang'ono kudula kontinenti yonse koma chinaima, lero pamwamba pake pagona Lake Superior. Ku Nigeria kuli chigwa cha Benue chimene chinatseguka nthawi imene Africa inkasiyana ndi South America, nacho chinaima. Zina zimathekadi, Madagascar inali yolumikizana ndi kum'mawa kwa Africa isanayambe kuchoka zaka zoposa 150 miliyoni zapitazo. Mwa malo onse, ku Afar ndi kumene ndinganene mosakayika kwambiri kuti madzi amchere adzalowa, chifukwa chigoba kumeneko chapyapyala kale moti chayamba kufanana ndi cha pansi pa nyanja, dera la Danakil lili mamita oposa 100 kunsi kwa mlingo wa nyanja, Lake Assal ya ku Djibouti ili pa mamita 155 kunsi, ndipo madzi a Red Sea analowako kale m'mbuyomu n'kuuma, mchere wochuluka umene anthu a ku Afar amadula n'kunyamula pa ngamila ndi wotsala pamenepo. Manambala amene mumawaona oti zaka 5 kapena 10 miliyoni ndi ongoyerekeza ndipo amanena za kumeneko. Za doko la Malawi, Zambia kapena Uganda, nthambi ya kumadzulo ikadali kumayambiriro kwenikweni, chigoba chake n'chokhuthala, chozizira, ikhoza kupitirira kapena kuima ngati ya Benue. Anawo muwauze kuti za dokozo aiwale.

Pa funso loti tichite mantha, kugawanika kwa kontinenti musakuope. Chimene ine chimandidetsa nkhawa ndi zivomerezi, chifukwa ngongole ndanena ija ikamalipidwa ife timakhala tili pamwamba pake. Pa 10 Marichi 1989 chivomerezi chopitirira 6 pa sikelo yoyezera zivomerezi chinagwetsa nyumba zambiri ku Salima. Mu Disembala 2009 Karonga inagwedezeka kwa milungu, chachikulu chinali 6.0. Mu Febuluwale 2006 ku Machaze ku Mozambique, kumapeto a kumwera kwa chigwachi, kunachitika cha 7.0, ndipo mu 1910 ku Rukwa ku Tanzania kunachitika cha 7.4. Sikelo imeneyi imanamiza maso, kuchoka pa 6 kufika pa 7 sikungowonjezera kamodzi ayi, mphamvu yake imachuluka maulendo pafupifupi 32. Ndipo mng'alu wa Bilila-Mtakataka, umene ndi wautali makilomita oposa 100 kumwera chakumadzulo kwa Nyanja ya Malawi, uli ndi khoma lotsetsereka limene likusonyeza kuti unadumphapo mwamphamvu kale, akatswiri amene anauyeza amati ukhoza kubweretsa chivomerezi chopitirira 7. Liti? Palibe munthu padziko pano amene amatha kulosera tsiku la chivomerezi, aliyense wokutumizirani uthenga wotchula tsiku ndi ola akukunamizani. Chimene tingathe ndi kamangidwe, chifukwa chimapha anthu ndi khoma logwa. Khoma la njerwa imodzi lomangira matope, lalitali, lopanda bimu yozungulira pamwamba, makona osalumana bwino, chimenecho sichilimba olo pa chivomerezi chapakatikati. Inuyo aphunzitsi muli ndi ana ambiri m'chipinda chimodzi, ndikanakonda mutawaphunzitsa kuti nthaka ikayamba kugwedezeka alowe pansi pa desiki atagwira mwendo wake, ateteze mutu, asapanikizane pakhomo, kugwedezeka kukatha atuluke mwadongosolo n'kukaima pabwalo patali ndi makoma ndi mawaya a magetsi. Kwa amene ali pafupi ndi mapiri ophulika vuto ndi lina, Nyiragongo inathira chiphalaphala mu mzinda wa Goma ku DR Congo mu Januwale 2002 ndipo inaphulikanso mu Meyi 2021.

Koma sindikufuna kuti anawo achoke ndi mantha okha, chifukwa chigwa chomwechi ndi chimene chatisungira mbiri ya munthu, ndipo mbali iyi ine imandisangalatsa kuposa zonse. Fupa kuti lisanduke mwala likuyenera kukwiririka msanga lisanaole kapena kuphwanyidwa ndi afisi. M'chigwa chomwe chikutitimira mitsinje imangothira mchenga ndi matope chaka ndi chaka, nde chilichonse chofera m'mbali mwa madzi chimakwiririka. Kenako phiri likaphulika limayala phulusa pamwamba, ndipo phulusa limenelo lili ngati chidindo cha deti, muli timiyala tokhala ndi potaziyamu amene amasanduka mpweya wa argon pa liwiro lodziwika, tikayeza timadziwa zaka zake, fupa lopezeka pakati pa mizere iwiri ya phulusa ndiye kuti zaka zake zili pakati pa ziwirizo. Pomaliza ming'alu ija imatukulanso malowo, mvula n'kuyamba kukokolola, mafupa n'kuonekera. Kukwirira, kudinda deti, kufukula, chigwa chimachita chokha zonsezi. N'chifukwa chake mafupa a Lucy, mmodzi mwa makolo akale a anthu wa zaka 3.2 miliyoni, anapezeka ku Hadar mu 1974, ku Afar komwe kuja kukung'ambika. Mapazi a ku Laetoli ku Tanzania amene gulu la Mary Leakey linapeza mu 1978 anadindika paphulusa lonyowa zaka zoposa 3.6 miliyoni zapitazo, ndipo akusonyeza kuti eni ake ankayenda ndi miyendo iwiri. Mafupa akale otchedwa Mnyamata wa ku Turkana anapezeka ku Kenya mu 1984 ndi Kamoya Kimeu, Mkenya amene maso ake pa mafupa analibe ofanana nawo, dzina lake anawo alidziwe chifukwa mabuku ambiri amangotchula azungu.

Kumpoto kwa Nyanja ya Malawi nako kuli gawo lake. Mu 1991 ku Uraha m'boma la Karonga gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, imodzi mwa zakale kwambiri za mtundu wa Homo, gulu limene ife anthu tilimo, ndipo inalumikiza zopezeka kum'mawa kwa Africa ndi za ku South Africa. Ku Karonga komweko kuli miyala ina yakale kwambiri kuposa chigwa cha lerochi, ya nthawi ya madainoso zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, mmene munatuluka Malawisaurus dixeyi, chinyama cha khosi lalitali chodya masamba, chimene chinapatsidwa dzinali mu 1993 ndi Louis Jacobs ndi anzake, dzina lachiwirilo likukumbukira Frank Dixey katswiri wa miyala amene anagwira ntchito m'deralo m'ma 1920. Elizabeth Gomani, Mmalawi, ndi amene anafotokoza mafupa ake mwatsatanetsatane ndipo mu 2005 anatcha dzina dainoso wina, Karongasaurus. Chifanizo cha mafupa a Malawisaurus chaimikidwa mu myuziyamu ya ku Karonga imene inatsegulidwa mu 2004. Pano ndichenjeze pang'ono, kupezeka kwa mafupa ambiri m'chigwa sikutanthauza kuti makolo a anthu ankangokhala mmenemo basi, kukutanthauza kuti mmenemo ndi mmene anasungika bwino. Mu 2001 ku Chad, makilomita oposa 2,000 kuchoka kuchigwachi, kunapezeka chigaza cha Toumaï cha zaka pafupifupi 7 miliyoni, ndipo mu 2017 kunalengezedwa kuti mafupa a anthu a mtundu wathu opezeka ku Jebel Irhoud ku Morocco ndi a zaka 300,000, izi zinagwedeza maganizo akale oti zonse zinayambira mbali imodzi ya Africa.

Nyanjayo payokha ndi umboni woposa chithunzi china chilichonse cha pa Facebook. Pamwamba pa madzi ake pali pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere koma kuya kwake kumafika mamita 700, ndiye kuti pansi pake patsika kupitirira mlingowo ndi mamita oposa 200, ndipo kunsi kwa pamenepo kulinso matope ounjikana makilomita angapo thanthwe lenileni lisanafike. Mtsinje sungakumbe dzenje lotero, dziko linachita kutitimira. Mapiri a Livingstone amene amaima chilili m'madzi kumbali ya Tanzania ndiwo khoma la mng'aluwo, ndipo akasupe a madzi otentha ngati a ku Chiweta ndi Nkhotakota ndi madzi amvula amene amalowa kuya m'ming'alu, kukatenthedwa n'kubwereranso. Ku Kenya kutentha komweko akupangira magetsi ku Olkaria, ndipo gawo lalikulu la magetsi a dzikolo likuchokera kumeneko. Mu 2005 ofufuza anaboola pansi pa Nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope akale, anapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa moti madzi anatsika mamita mazana angapo, nyanja inatsala kachigawo kochepa chabe. Kutsika ndi kukwera kotereku, kudula magombe amiyala n'kuwalumikizanso, n'kumene kunathandiza kuti nsomba za mtundu wa mbuna ndi abale ake zichulukane mitundu mpaka mazanamazana, kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake UNESCO inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Koma dziwani kuti kupitirira mamita 200 kapena 250 kunsi kulibe mpweya wa okosijeni, nsomba zonsezo zimakhala m'kachigawo ka pamwamba, ndipo mbuna zambiri zimadya ndere zomera pamiyala m'madzi osaya, mtundu wina umangopezeka pachilumba chimodzi kapena pagombe limodzi lamiyala. Mitengo ikatha m'mapiri, mitsinje imabweretsa matope amene amaphimba miyalayo ndi kudetsa madzi, ndere sizimera, komanso nsomba zazikazi zimene zimasankha yamphongo poona mtundu wa khungu lake zimalephera kusiyanitsa. Onjezanipo maukonde a maso ang'onoang'ono ngati maneti a udzudzu okokolola ndi ana omwe. Zimenezi zikuchitika pa zaka makumi ochepa, ndipo kwa ine ndi zimene zikuyenera kumazungulira pa mafoni.

Za m'kalasi, pali kachinthu kosavuta kamene ndimakonda kuonetsa ana. Tengani timatabwa tiwiri kapena makatoni awiri olimba, muwagundanitse pathebulo, pamwamba pa mpata wawo muyalepo kansalu kapena pepala lopyapyala kuti mchenga usagwere pansi, ndiye muthirepo mchenga wonyowa pang'ono wokhuthala ngati zala zinayi n'kuusalaza bwino. Ana awiri akoke timatabwato mbali zosiyana, pang'onopang'ono kwambiri. Muona kuti sipatseguka dzenje limodzi lowongoka, pamabwera ming'alu iwiri kapena ingapo yopendekeka kuyang'anana, chapakati n'kutitimira ngati masitepe, m'mbali n'kutsala mokwera. Muwafunse kuti mvula itagwa madzi angakhale pati, akaloza pakatipo muwapatse mapu a Africa apeze okha Tanganyika ndi Malawi, aone chifukwa chake nyanja ziwirizi ndi zazitali, zopapatiza, pamene Victoria imene ili pakati pa nthambi ziwiri zija ndi yotambalala koma kuya kwake sikufika olo mamita 100.